Vundu Akasowa M'dziwe, Mtsinje Wayamba Kusauka

 Sabata ino nkhani yathu iri pamadzi.

M'midzi ya m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi, amuna akakhala pamoto madzulo, siisowa nkhani ya cinsomba cimene cinabvuta munthu. Wina amasimba za cimene cinakoka bwato lake kufikira tsidya lija, wina za cimene anacisenza amuna awiri pamtengo, mcira uli kukhwekhwereza pansi. Anyamata a masiku ano akamva zimenezi amatsinana ndi kuseka, amati agogo ayamba zao zija. Komatu si zonse ziri zokometsera nkhani. Nsomba zoterezo zinalipo, zina zikalipo, ndipo zambiri zinapimidwa pa sikelo anthu ali kuona. Cimene ciyenera kutidetsa nkhawa ndi cakuti eni nkhanizi ambiri ndi okalamba. Mnyamata amene wagwirapo nsomba yomuposa iye mwini kulemera ngwosowa lero, ndipo cifukwa cake cikhudza ndiwo za m'nyumba iriyonse, ngakhale ya munthu amene sanagwirepo mbedza cibadwire.

MFUMU YA M'MAIWE

Tiyambe ndi vundu, amene anzathu olankhula Cibemba amamucha sampa. Pakati pa nsomba zonse za m'madzi opanda mcere kuno kum'mwera kwa Africa, palibe yomposa. Zazikulu zimene zinapimidwa zinafika makilogiramu 55, kutalika mita imodzi ndi theka. Kulemera kumeneku kuposa thumba la feteleza la makilogiramu 50 limene mumasenza pocoka kudepoti. Vundu ndi mbale wace wa mlamba, alibe mamba, ali ndi mutu waphwatalala wolimba ngati mpini, ndi ndevu zazitali zimene amafufuzira cakudya mumdima. Kuti mumsiyanitse ndi mlamba, yang'anani kumsana. Mlamba ali ndi cipsepse cimodzi cacitali cofika pafupi ndi mcira, pamene vundu ali ndi ziwiri, cakutsogolo ca minga yofewa ndi cakumbuyo ca mnofu wokhawokha.

Mu Zambezi, vundu amapezeka kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, m'nyanja ya Kariba, ndi kutsika mpaka ku Mozambique. Alimonso mu Luangwa, kunsi kwa Shire ku Malawi, ndi m'mitsinje yothira mu Congo. Amakonda maiwe akuya a madzi odekha, ndipo amadya makamaka usiku. Sasankha zakudya: nsomba zinzace, nkhanu, acule, tiana ta mbalame togwa m'zisa, ngakhale nyama yakufa. Owedza a ku Kariba amamkola ndi ciwindi ca ng'ombe, matumbo a nkhuku, kapena cibenthu ca sopo wa buluu wocapira zobvala. Akameza nyambo salumpha iai. Amangothamangira pansi ndi mphamvu yonga ya ng'ombe yapagoli, kufuna mizu ndi miyala yoti adulirepo cingwe. Munthu wa m'bwato laling'ono amene wamangirira cingwe kudzanja angathe kukokeredwa m'madzi, ndipo maiwe amene vundu amakonda ndi omwewonso amene ng'ona zimakonda.

Waciwiri ndi mcheni, nsomba ya mizere m'nthiti ndi zipsepse zofiirira, imene alendo amaicha tigerfish cifukwa ca mano ace olowana ngati a msampha. Pa kulemera mcheni safika kwa vundu. Wamkulu wolembedwa m'mabuku a owedza anagwidwa ku Kariba m'caka ca 2001, ndipo anali makilogiramu 16.1, monga mwana wa zaka zinai. Amene anamgwira anali mai, cinthu coti amuna onyada pa nkhani za mbedza acikumbukire. Kuchuka kwa mcheni kuli pa ukali. Akamva mbedza amalumpha m'mwamba napukusa mutu, ndipo popeza m'kamwa mwace ndi mwa pfupa lokhalokha, kawirikawiri mbedza imapulumuka. Cingwe wamba amacidula kamodzi, ndiye cifukwa cake odziwa amaika kawaya pakati pa cingwe ndi mbedza. M'caka ca 2014 akatswiri a ku South Africa analengeza kuti pa damu lina la kwao anaona ndi kujambula mcheni ali kulumpha ndi kugwira anamzeze ouluka pamwamba pa madzi.

Kumpoto, mu mtsinje wa Congo, muli mkulu wace wa mcheni wochedwa mbenga, wa mano 32 oonekera ngakhale atatseka pakamwa, amene amafika makilogiramu 50. Nayo nyanja ya Tanganyika iri ndi zimphona zace. Buka-buka amene mumagula pamsika ndi wamng'ono m'banja la mitundu inai yopezeka m'nyanja imeneyo yokha, ndipo wamkulu wa banjalo angathe kutalika kuposa munthu. Pamene zombo za makoka akuluakulu zinayamba nchito pa nyanjayi, kuphatikizapo ku Mpulungu m'zaka za m'ma 1960, mitundu ikuluikuluyo ndiyo inayamba kucepa m'makoka. Buka-buka ndi kapenta ndiwo anatsala oculuka. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tikumana nayonso.

ALENDO A NDODO

Anthu ogwira nsomba zazikuluzi ali magulu awiri. Loyamba ndi lathu, la asodzi a mabwato, machera, miono ndi mbedza zogonetsa, amene amafuna ndiwo ndi ndalama ya sopo ndi ya sukulu. Laciwiri ndi la owedza mwa masewera, amene amadza ndi ndodo zokhala ndi kagudumu kokulungira cingwe, ndi nyambo zacitsulo zonyezimira ngati supuni. Ena amacokera ku Lusaka ndi ku Migodi, ena kumaiko akutali, nalipira ndalama zambiri m'misasa ya alendo ya ku Siavonga, Chirundu ndi kunsi kwa Zambezi, makamaka m'miyezi yotentha ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala pamene mcheni ali waukali. Ku mbali ya Zimbabwe ya nyanja ya Kariba, mpikisano wa mcheni unayamba m'caka ca 1962.

Munthu wa kumudzi akaona mlendo walimbana ndi nsomba theka la ola, thukuta liri kamukamu, ndiyeno waijambula cithunzi naibwezera m'madzi, amagwira pakamwa. Amati uku ndiko kukhuta, kuseweretsa ndiwo anzako ali kudyera mcere. Kudabwa kumeneku n'komveka. Koma m'malo osungira nyama a Lower Zambezi, amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1983, owedza amalamulidwa kubweza nsomba m'madzi, ndipo pali nzeru yace. Nsomba imene yabwezedwa ingagwidwenso caka camawa itakula, mlendo wina nalipiranso. Woongolera bwato, wophika ndi mlonda wa pamsasa, amene ambiri ndi ana a m'midzi yozungulira, amadyera pa nsomba imene ikali kusambira. Magulu awiriwa amayang'anizana ndi diso lofiira nthawi zina, cikhalireco onse amadalira cinthu cimodzi, kuti m'madzi mukhale nsomba zofika pa ukulu.

ZA KUMAIKO ENA

Bvuto la kutha kwa nsomba zazikulu si lathu lokha, ndipo zimene zinaoneka kwina zingatiphunzitse. Ku Asia kuli mtsinje wa Mekong, umene umadyetsa anthu mamiliyoni ambiri monga Zambezi adyetsa ife. M'mwezi wa Meyi 2005, asodzi a kumpoto kwa Thailand anakola mlamba wa mtundu wa kumeneko wolemera makilogiramu 293, kutalika mamita 2.7. Mlamba umenewu ukakula ulibe mano, umadya ndere ndi zomera za m'madzi. Akuluakulu a boma anayesa kuusunga wamoyo kuti atengeko mazira ndi kuubweza, koma unafa, ndipo anthu a m'mudzimo anagawana nyama. Panthawiyo mtunduwo unali utalembedwa kale pa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Caka cotsatira, mu 2006, asodzi a ku Chiang Khong anapangana kuleka kuusaka, polemekeza mfumu yao Bhumibol imene inakwanitsa zaka 60 pampando.

Patapita zaka 17, mtsinje womwewo unaturutsa cina coposa. Mu Juni 2022 msodzi wa m'cigawo ca Stung Treng ku Cambodia anakola ndi mbedza nsomba yaphwatalala ngati licero, ya mcira wonga mkwapulo, imene Angerezi amaicha stingray. Inali yaikazi, yolemera makilogiramu 300, ndiwo matumba 6 a feteleza, ndipo kucokera kumphuno kufika kunsonga ya mcira inali pafupifupi mamita 4. Palibe nsomba ina ya m'madzi opanda mcere imene inapimidwapo bwino niiposa imeneyi. Msodziyo sanaiphe. Anaitana akatswiri a gulu lochedwa Wonders of the Mekong, amene anali atapangana kale ndi asodzi a kumeneko kuti aziwadziwitsa akagwira nsomba zotere. Iwo anaipima, naibveka kacipangizo kosonyeza kumene iri kuyenda, naibweza m'madzi, ndipo msodziyo analandira ndalama zokwana pafupifupi madola 600. Sanapite kunyumba cimanjamanja, ndipo mtsinje sunataye make wa nsomba.

Ku China zinatha moipa. Mu mtsinje wa Yangtze munali nsomba ya mlomo wautali ngati lupanga, yotalika kupitirira mamita 3. Asodzi anaipha kwambiri, ndipo damu la Gezhouba, limene linachinga mtsinjewo mu 1981, linaitsekera njira yopita kumene inali kuswanira. Yomaliza inaoneka yamoyo mu 2003, ndipo mu 2022 bungwe loona za zamoyo za dziko lonse la IUCN linalengeza kuti yatheratu. Kuyambira pa 1 Januwale 2021 boma la China linaletsa usodzi wa malonda mu Yangtze kwa zaka 10, kuti lipulumutse zotsala. Kwa nsomba ya lupanga ija, madzi anali atatayika kale, ndipo saoleka.

Akatswiri a ku Berlin m'dziko la Germany, pamodzi ndi anzao, anasonkhanitsa ziwerengero za m'maiko ambiri nazifalitsa mu 2019. Anapeza kuti pakati pa 1970 ndi 2012, nsomba za m'madzi opanda mcere za mitundu yofika makilogiramu 30 kapena kuposa zinacepa ndi magawo 94 pa 100. Kunena kwina, pamene panali nsomba 100 panatsala 6.

CIFUKWA NINJI ZAZIKULU?

Zifukwa zimene nsomba zazikulu zimayambira kutha ndi zitatu, ndipo mlimi aliyense angazimve. Coyamba ndi nthawi. Kapenta amakula ndi kuswana caka cisanathe, monga nkhuku. Vundu wa makilogiramu 40 watha zaka zambiri ali kupulumuka ng'ona, cilala ndi maukonde, monga ng'ombe imene simungailowe m'malo ndi nyengo imodzi. Mukapha wotere lero, dziwe limenelo lidikira zaka kuti lionenso mnzace.

Caciwiri ndi mazira. Pa mitundu yambiri, mcheni ali m'gulu lomwelo, zazikulu kopambana zimakhala zazikazi, ndipo nsomba yaikazi ikamakula mazira ace amaculuka mopitirira kukula kwa thupi. Akatswiri ena anasonyeza zimenezi mu 2018 poyesa nsomba za m'nyanja ya mcere. Pa nsomba yochedwa cod anapeza kuti yaikazi imodzi ya makilogiramu 30 imaikira mazira oposa a zazikazi 28 za makilogiramu 2 iriyonse, ngakhale 28 zimenezo pamodzi zilemera makilogiramu 56. Tsono amene wapha cinsomba ca mimba yodzaza mazira m'mwezi wa Disembala wacita ngati munthu wokazinga cimanga ca mbeu mvula iri kugunda.

Cacitatu ndi ulendo. Nsomba zambiri zazikulu siziswanira pamene zimadyera. Mvula ikagwa, mitsinje nisefukira, zimakwera kupita kumadambo ndi kutimitsinje, kumene tiana timapeza udzu wobisalamo ndi cakudya. Pa ulendo umenewu zimaunjikana pa mipata yopapatiza, ndipo munthu mmodzi wa ukonde wochinga mtsinje wonse angaphe m'sabata imodzi zimene zikanadzaza dziwe kwa zaka. Nawo madamu amasintha kayendedwe ka madzi. Kucokera pamene Kariba anamangidwa mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, Zambezi wa kunsi sasefukiranso monga anali kucitira kale. Kunena zoona Kariba anabweretsa magetsi, ndipo kapenta amene anatengedwa ku Tanganyika naikidwamo mu 1967 ndi 1968 anakhala cakudya ca anthu ndi ca mcheni yemwe. Koma mtsinje wochingidwa subwerera mwakale. Luangwa ndi umodzi wa mitsinje ikuluikulu ya kuno imene ikali kuyenda yosachingidwa kufikira pamene ithira mu Zambezi pa Luangwa Boma, pa Feira pakale, ndipo mu 2019 Boma linaimitsa maganizo omanga damu pa Ndevu Gorge. Cuma cotere maiko ambiri anacitaya.

Ndiye cifukwa cake tinena kuti vundu akasowa m'dziwe, mtsinje wayamba kusauka. Zazikulu zikatha, asodzi amacepetsa maso a ukonde kuti agwire zapakati. Zapakati zikatha amacepetsanso, kufikira tsiku limene munthu wamkulu ndevu pepeya aloweza neti ya udzudzu m'madzi, kukokolola tiana tosaoneka ndi maso, pamene ana ace kunyumba ali kugona pamtetete malungo ali kuwadikira. Amai ogula nsomba pamsika aona kale zimenezi popanda wowauza, pakuti mulu uli kucepa ndipo mtengo uli kukwera.

ZINGATHE KUBWERERA

Pali umboni wakuti nsomba zazikulu zimabwerera anthu akagwirizana. Ku Brazil, mu mtsinje wa Amazon, muli nsomba yochedwa pirarucu, ya mamba olimba, yofika makilogiramu 200. Inaphedwa kwambiri kotero kuti mu 1996 boma linaletsa kuigwira m'cigawo ca Amazonas. Nsomba imeneyi imapuma mpweya, ndipo pakapita mphindi zowerengeka iyenera kuturutsa mutu pamwamba pa madzi. Asodzi akale a kumeneko anali ndi luso loziwerenga poona ndi pomva kabvuukidwe kace, nadziwa ngati ndi yaikulu kapena yaing'ono. Akatswiri atayesa luso limenelo anapeza kuti liri loona.

Cotero mu 1999, m'dera la Mamirauá, anayamba dongosolo latsopano. Caka ciri conse asodzi amawerenga nsomba za m'maiwe ao. Boma limawalola kugwira zosapitirira magawo 30 pa 100 a zazikulu zimene awerenga, ndipo yosafika mita imodzi ndi theka siigwidwa. Maiwe ena anawapatula kuti akhale oswaniramo okha, ndipo anthu a m'midzi amalondera okha mosinthana. M'dera limene anayambira, nsomba zinali zongopitirira 2,000 mu 1999, koma pofika 2006 zinapitirira 20,000, asodziwo ali kugwirabe ndi kugulitsa caka ndi caka. Cimene cinabweza pirarucu ndi nzeru ya eni dera, Boma litaibvomereza ndi kuiikira kumbuyo.

Nzeru yotere si yacilendo kwa ife. Kwa abale athu ku Malawi, pa cisumbu ca Mbenje m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala ali kutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nthawi yotseka ikakwana asodzi onse amacoka pacisumbu, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa pabwalo la mfumu. Nakonso kuno kwathu, midzi yambiri inali ndi maiwe amene munthu sanali kuponyamo ukonde mfumu isanalole. Acinyamata ena amayesa miyambo imeneyo zamizimu cabe, osadziwa kuti munali ulimi wa nsomba m'menemo. Mau a akuluakulu akoma akagonera.

NANGA WANJALA ATANI?

Wina anena kuti, "Inu olemba manyuzipepala mumalankhula mutakhuta. Ine ndagona pamadzi usiku wonse, udzudzu uli kundidya, ndipo m'bandakuca ndakola vundu amene angandigulire thumba la ufa ndi yunifomu ya mwana. Ndimtaye cifukwa ca mdzukulu amene sanabadwe?" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo amene aliyankha mopepuka sanagonepo ndi njala. Munthu mmodzi payekha sangabweze nsomba m'madzi akudziwa kuti mnzace wa bwato lakumbuyo aigwira mawa. Msodzi wa ku Cambodia uja anabweza cifukwa panali pangano ndi malipiro. A ku Brazil analeka kupha mwacisawawa cifukwa anadziwa kuti zimene asunga adzakolola okha, osati alendo obwera usiku. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani iyi ndi ya mudzi wonse, mfumu, ndi Boma.

Cotero danga lino lipempha zinthu zinai. Coyamba, tisunge nthawi imene Boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lino, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Miyezi imeneyi ndiyo ya mazira, ndiponso ndiyo imene khasu lifuna manja onse kumunda. Nyanja zina ziri ndi makonzedwe aoao, conco funsani kwa ofisala wa za nsomba wa m'boma lanu. Amai ogula ndi ogulitsa, dziwani kuti nsomba yaiwisi ya m'nyengo yotseka ikasowa woigula, wakuba adzaleka yekha.

Caciwiri, tileke njira zopululutsa. Lamulo la za nsomba la mu 2011 linaletsa kupha nsomba ndi mankhwala, ndi zophulika, ndi magetsi. Katupe kapena mankhwala a thonje othiridwa m'dziwe sasankha, amapha make ndi mwana yemwe, ndipo madzi omwewo ndiwo amwa ng'ombe zanu ndi ana a kunsi kwa mtsinje. Neti ya udzudzu ibwerere pamphasa pamene a cipatala anaiperekera.

Cacitatu, mafumu athu ndi makomiti a asodzi akhale pansi asankhe dziwe limodzi kapena awiri akuya m'dera lao, alengeze kuti m'menemo simulowa ukonde caka conse. Nsomba sizidziwa malire. Zoswana m'dziwe lopatulika zidzaturuka zokha kudzaza maiwe ena amene muloledwa kusodza. Pamodzi ndi ici, pakhale pangano lakuti tidye zapakati, tisiye tiana kuti tikule, ndipo zazikulu kopambana, makamaka za mimba yotupa ndi mazira, tizibweze.

Cacinai cipita kwa eni misasa ya alendo ndi owedza mwa masewera. Ngati mufuna kuti munthu wa kumudzi akusungireni mcheni wamkulu, aone phindu lace ndi maso: nchito kwa ana ace, msika wa ndiwo zace zamasamba, mjigo, kapena cipinda ca sukulu. Kumuuza kuti asunge nsomba pamene iye saloledwa ngakhale kuyandikira gombe limene makolo ace anali kusodzapo ndi kubzala cidani.

KABWEZEDWE KACE

Kubweza nsomba kulinso ndi luso, pakuti yobwezedwa mosasamala imakafera patsogolo. Musalimbane nayo nthawi yaitali kufikira itatheratu mphamvu. Nyowetsani manja musanaigwire, kuti musacotse cinterera ca pakhungu cimene cimaichinjiriza ku matenda. Musaipacike ndi cibwano kapena kulowetsa zala m'malo ace opumira, pakuti nsomba yolemera ikalendewera imabvulala m'kati. Ngati n'kotheka masulani mbedza nsomba ikali m'madzi, ndipo pa mcheni gwiritsani nchito pulayala, osati zala. Mbedza yophwanyidwa kandevu kace imaturuka msanga. Ikamezedwa kwambiri ndi bwino kudula cingwe pafupi ndi pakamwa kusiyana ndi kung'amba m'mimba. Pomaliza igwireni m'madzi mutu utayang'ana kumene madzi acokera, kufikira itayamba kupalasa yokha. Pocita zonsezi maso akhale pamadzi, cifukwa kuphiriphitha kwa nsomba kumaitana ng'ona.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo msodzi aliyense waluso adziwa kudikira usiku wonse cifukwa ca nsomba imodzi. Kudekha komweko ndiko kufunika tsopano, koma kwa zaka zingapo, ndiponso kwa mudzi wonse pamodzi. Nkhaniyi muikambe pabwalo la amfumu ndi pa msonkhano wa komiti mvula isanagwe. Akuluakulu amene mukumbukira maina a maiwe amene kale anali opatulika m'dera lanu, ndi malamulo amene anali kuwasunga, tilembereni kalata kuti ena aphunzireko.